Mapazi Athera pa Seva ya aNangozo

Ku ufumu wa Khalanichete, kumene likulu lake ndi mzinda wa Zilibwino, munthu amaloledwa kudandaula za chilichonse, bola adandaulire mumtima. Apaulendo amene anagonako amanena kuti ndi dziko la anthu aulemu kwambiri. Ukamufunsa munthu kuti wadzuka bwanji, amayamba wacheuka kaye kenako n'kuyankha.

Ufumuwo uli ndi lamulo lakale limene akuluakulu amalinyadira, Lamulo la Mapazi. Linayamba nthawi ya akuba ng'ombe. Khola likathyoledwa, amuna ankalondola mapazi a ziwetozo, ndipo pakhomo pamene mapaziwo athera, mwini khomo ankayenera kutchula amene wadutsa nazo. Akalephera, mlandu unali wake. Ng'ombe zinatha m'dzikomo, zina ndi matenda, zina ndi maphwando a kunyumba yachifumu, koma lamulo lija linatsala, lonenepa bwino, likusowa chochita. Ndiye kutabwera intaneti analipezera ganyu.

Mumsika wa Tipirire munali mayi wina, Folomina Chisambi, amene aliyense ankawaitana kuti aNangozo. Shopu yawo inali kontena yodula pakati, momwe ankabena nyimbo ndi kutchajira anthu mafoni. Analinso ndi kantchito kena kosawapatsa kanthu. Ankalipira lendi ya seva, kompyuta yaikulu yosagona tulo, ku kampani ya Tisungireni, ndipo pa sevayo ankayendetsa chimene anthu a mumsika ankachitcha Mpatsirano.

Mpatsirano unkayenda ngati mzere wa amayi opatsirana njerwa pomanga tchalitchi. Munthu akafuna kunena zake pa intaneti osadziwika, uthenga wake unkakulungidwa katatu n'kudutsa m'makompyuta atatu a anthu osadziwana, ena a kutsidya la nyanja zamchere. Yoyamba inkadziwa wotumiza koma osati kopita. Yapakati sinkadziwa kalikonse, ngati phungu wa chipani cholamula. Yomaliza inkangotula katundu, mwini wake osamudziwa. Ya aNangozo inali yomaliza, ndiponso yokhayo yomaliza mu ufumu wonse, choncho chilichonse chotulukira pamenepo chinkasiya phazi limodzi lokha: nambala ya seva yawo.

Amuna awo, a Dizimasi, telala wa pakhonde la golosale, anawafunsapo kuti akuzivutitsiranji.

"Kwathu njira ya kuchigayo inkadutsa pabwalo pa mayi anga," anatero aNangozo. "Munthu akati tidutse nawo, mayi ankangoti dutsani. Sankafunsa kuti m'thumbamo muli chiyani."

"Nanga nkhuku zawo zija zinkasowa bwanji?"

"Zimenezo ndi zina, bambo a Tiyanjane. Sokani malayawo."

M'mawa wina dzuwa litangoyamba kuluma, pa kontena panafika Sajeni Pondani wa Nthambi Yolondola Mapazi. Anali munthu wakhama moopsa, mtundu wa anthu amene boma limawalemba ntchito mwangozi. M'khwapa anapanira kamtengo koyezera mapazi a ng'ombe, poti lamulo limati wolondola asayende chimanjamanja.

"Odi kuno. Mwini seva ndinu, mayi?"

"Mwini wake ndi kampani, bwana. Ine ndine walendi chabe."

"Mapazi athera pa inu."

"Mapazi a ndani?"

"A Mawu Aja."

"Mawu ati?"

Sajeni anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Mayi, mukufuna ndimangidwe nanenso? Mawu amenewo sabwerezedwa. Wina wawalemba pa tsamba la pa intaneti la kunyumba yachifumu, pansi penipeni pa chithunzi cha Mwini Dziko. Tsambalo sililandira mawu ochokera kunja, poti akunja ndi ansanje, ndiye sitinavutike kulondola. Phazi ndi lanu."

"Nanga ndikayankha bwanji mlandu wa mawu amene sindinawamve?"

"Mukayankha mwaulemu. Lachisanu mukaonekere kubwalo. Mukatchule amene analemba. Mukalephera, mukupita ku Sakupezeka."

Sakupezeka ndi boma la kuseri kwa mapiri, kumene foni imagwira ntchito ya tochi basi. Amene amatumizidwako sabwerako, ndipo abale awo akaimba amangomva mayi wa m'foni uja akuwauza dzina la bomalo. Komanso mwana yekhayo wa aNangozo, Tiyanjane, anali ndi pakati potopa, mimba yoyamba, ndipo aNangozo anali atagula kale beseni ndi zitenje zodikirira kuchipatala. Kutchula munthu sakanatha. Sikuti ankabisa. Sevayo anaikonza okha kuti iziiwala aliyense akangodutsa.

Sajeni atapita, aNachanza ogulitsa tomato pafupi ndi kontenayo anasendera chifupi.

"Asisi, simukuwadziwadi Mawu Aja? Msika wonse ukuwadziwa."

"Tandiuzani."

"Ine ndili ndi ana." ANachanza anasankha tomato wosalala kwambiri pamulu, anamupukuta ndi chitenje mpaka kunyezimira, kenako anatola chitsekero cha botolo n'kumuveka pamwamba. Anamusiya pabenchi kanthawi, n'kuvula chitsekerocho pang'onopang'ono. "Akuti chisoti cha Mwini Dziko chija ntchito yake ndi imeneyi."

"Basi? Dazi?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndikugulitsa tomato."

Masana aNangozo anakwera kabaza kupita ku kampani ya Tisungireni. Mwini wake, a Mtambalika, anawalandira ataimirira, kuopa kuti mlendo angakhalitse.

"Mayi Chisambi, ife timabwereketsa chipinda. Zochitika m'chipinda ndi za walendi. Tinagwirizana choncho poyamba pomwe."

"Koma makinawo ndi anu, waya ndi wanu, magetsi ndi anu."

"Magetsi ndi a boma, akakhalapo. Mwini nyumba sayankha mlandu wa zimene alendi amanong'onezana kuchipinda."

"Inetu sindinanong'one kanthu. Anong'ona ndi odutsa."

"Ndiye munatsegulira odutsa m'nyumba ya eni? Kachiwiri, timvetsetsane, ine sindikukudziwani. Ndipo seva yanu kulibe kuno. Apolisi aimanga."

Zinalidi zoona. Anyamata a Sajeni Pondani anaizula pakhoma, n'kuikweza pa wilibala, n'kukaitsekera m'chitokosi, chingwe chake atachimanga unyolo kuti isathawe. Anaifunsa mafunso tsiku lonse koma sinayankhe, ndipo m'kaundula wa apolisi inalowa ngati mkaidi wouma mutu.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya a Dizimasi inayamba kuyenda modabwitsa. Magalimoto aatali akuda ankaima pa golosale, ndipo nduna za boma zinkatsika zokha, zitanyamula mathalauza oti aikidwe zipi. Mazipi ake anali abwinobwino. Nduna iliyonse inkasiya thalauza kwa telala n'kupatukira ku kontena ngati ikufuna kutchaja foni.

Womaliza kubwera anali Olemekezeka Ombani, Nduna ya Matamando, amene ntchito yawo inali kuwerengera Mfumu m'mawa uliwonse mauthenga achikondi ochokera kwa anthu wamba.

"Mayi, ndangodutsa," anatero akupukuta thukuta. "Kodi chipangizo chanu chija chimakumbukira anthu?"

"Ayi, bwana. Chimaiwala."

"Onse?"

"Onse."

"Chipangizo chamakhalidwe abwino." Anapumira m'mwamba. Kenako nkhope inagwanso. "Nanga wina atakulamulani kuti chiyambe kukumbukira?"

"Akale sangabwerere. Koma atsopano chikhoza kumaona zimene atulutsa ndi nthawi yake. Wakhama akhoza kulondola kuchokera pamenepo."

"Wakhama," anatero Olemekezeka Ombani, ngati atchula dzina la matenda. Anachoka ataiwala foni pa tchaja.

Madzulo ake a Dizimasi anawerama pa mulu wa mathalauza aja. "Mayi a Tiyanjane, njira ya mayi anu ija inkadutsanso anthu onenepa chonchi?"

ANangozo sanaseke. Anali akupinda zitenje za kuchipatala zija n'kuzipindulanso.

Lachisanu bwalo linadzaza mpaka m'mawindo. Mfumu Mvereni Wachinayi inakhala pampando wake wautali, chisoti chitatsikira mpaka m'makutu ngakhale kunali kotentha. Kudzanja lamanja kunali nduna, kumanzere kunali azakhali a nduna. ANangozo anaimikidwa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, ndipo pambali pawo panali seva ili pa wilibala, wapolisi ataigwira chingwe.

Sajeni Pondani anagunditsa nsapato. "Mwini Dziko, amene mvula imagwa ikamva dzina lanu, awiriwa akuimbidwa mlandu wa Mawu Aja."

"Mawu ati?" inafunsa Mfumu.

Zinapezeka kuti panalibe amene analimba mtima kuiuza. Nduna zinayamba kuwerenga zala za kumapazi. Kumbuyo kwenikweni wina anatsokomola, chifuwa chake chomveka ngati cha munthu wogulitsa tomato.

"Ndi mawu oti sangakwane m'makutu a Mwini Dziko," anatero Sajeni.

"Ndiye asiyeni kaye. Ine chikundisowetsa tulo ndi china. Sabata yonse ino palibe wanditamanda. Agogo aja a ku Chigwa amene amati ndikamwetulira nyamakazi yawo imaleka, ali kuti? Mlimi Wokhuta ali kuti? Nanga Mwana wa Sukulu Wokonda Kuphunzirira Pansi pa Mtengo? Ombani, anthu anga amwalira?"

Olemekezeka Ombani anatsegula pakamwa, koma Sajeni anawapambana liwiro.

"Amenewonso ndinawalondola, Mwini Dziko. Ndinaona kuti ndisabwerere kawiri. Agogo a ku Chigwa, Mlimi Wokhuta, Mwana wa Sukulu, Namwino Wosafuna Malipiro, onsewo mapazi awo athera pa seva yomweyi. Chiimangireni, onse angoti chete."

Mfumu inawerama n'kuwayang'anitsitsa aNangozo, ndipo nkhope yake inayamba kuwala.

"Mayi, ndiye kuti ndinu? M'mawa uliwonse, zaka zonsezi? Ndinu agogo a nyamakazi aja?"

"Malinga ndi Lamulo la Mapazi, ndi iwowo," anatero Sajeni.

"Taonani munthu wondikonda mobisa. Mayi, mlandu wanu ndi wochepa. Pa matamando ochuluka chonchi, lilime likhoza kuterereka kamodzi. Vomerani pano kuti mawu onse otuluka pa makina anuwa ndi anu. Mawu Aja, kaya ndi otani, ndiwakhululukira. Mulandira Mendulo ya Lilime Lokoma. Ndipo kuyambira lero muzikhala pachipata cha makinawo, kumasula katundu aliyense, wabwino adutse, woipa mubwere naye kuno pamodzi ndi mwini wake."

Anthu anayamba kuomba m'manja, poti ku Khalanichete m'manja amaomba kaye, kumva pambuyo. ANangozo anayang'ana m'gulumo. A Dizimasi ankagwedeza mutu mwamphamvu kuti vomerani. Pambali pawo panali Tiyanjane, atagwira msana ndi manja onse awiri. Mawu amodzi okha, eya, ndipo madzulo akagona kwawo. Anaganiza za agogo a nyamakazi amene kulibe. Anaganizanso za ena amene ankadutsa pa seva ija, amene sanawaonepo ndipo sadzawaona, ofunsa za matenda amanyazi, odandaula za mankhwala osowa m'chipatala, ndi wopusa uja wa dazi. Onsewo azikawanyamula okha kubwera nawo pano, mmodzimmodzi. Mawu awo anatuluka aang'ono kuposa mmene ankafunira.

"Mwini Dziko, pepani. Si anga."

"Mwati bwanji?"

"Okomawo si anga. Oipawo si anga. Sindinawalembe, sindinawawerenge. Anangodutsa."

A Dizimasi anagwira kumutu. Kuwala kuja kunachoka pa nkhope ya Mfumu.

"Mukukana mendulo yanga?"

"Ndikailandira ndiye kuti ndaba ya eni, Mwini Dziko."

"Eni ake ndani?"

"Sindikuwadziwa."

"Chabwino. Inu konzekani wa ku Sakupezeka. Koma musanapite, makinawa muwalumikize, muwaphunzitse kukumbukira, Sajeni akhale pambali. Ndikufuna ndiwadziwe ndi maina onse odutsa pamenepa, ondikonda ndiwapatse mendulo, enawo ndiwapatse zina."

Sajeni Pondani anamwetulira koyamba chaka chimenecho.

Zimene zinachitika kudzanja lamanja, okalamba a mu Zilibwino amati sanazionepo. Nduna zonse zinaimirira nthawi imodzi popanda woziuza. Panali amene ankadutsa pa Mpatsirano potamanda Mfumu m'dzina la agogo. Panali amene ankadutsapo poneneza nduna inzawo, ena posuzumira ndalama zawo zogona kunja, ena polembera akazi a nduna inzawo yomweyo. Ndipo mmodzi mwa iwo, sitikudziwa uti, ankadziwa bwino za tomato.

"Mwini Dziko," anayamba Olemekezeka Ombani, mawu akunjenjemera ndi chikondi, "anthu okukondani ndi amanyazi. Chikondi chawo chili ngati bowa, chimamera pamene palibe akuyang'ana. Mukawafunsa maina, agogo aja nyamakazi iwabwerera. Mlimi uja amva njala."

"Ndiye mlanduwu ukhala wa ndani? Mapazi athera pa mayiwa. Lamulo ndi lamulo."

Apa anatulukira Olemekezeka Potozani, Nduna ya Malamulo, munthu amene anakhalitsa pa udindo chifukwa chodziwa kuti lamulo lili ngati lasitiki wa kabudula, limakwana aliyense wolivala bwino.

"Mwini Dziko, amene nzeru zanu zimatikwanira tonse, mwamva mawu amene mayiwa anena? Sanati mawuwo anafika. Sanati anagona. Ati anadutsa. Tsono Lamulo la Mapazi limanena za khomo. Pakhomo munthu amafika, amaodira, amapatsidwa mpando. Pamene anthu amangodutsa si pakhomo. Ndi pamsewu. Chiyambire makolo athu, ng'ombe zakuba zakhala zikuponda m'misewu, koma sindinamvepo kuti msewu watumizidwa ku Sakupezeka."

"Koma awa ndi mayi," anatero Sajeni. "Ali ndi chiphaso. Ali ndi mwamuna, uyo wagwira kumutuyo."

Olemekezeka Potozani anamwetulira. "Sajeni, musatsutsane ndi sayansi. Chinthu chimadziwika ndi ntchito yake. Anthu amadutsa pa iwo, sawafunsa maina, salipiritsa, sakumbukira. Ngati si msewu umenewo, ndi chiyani?"

"Msewu," zinavomera nduna zonse pamodzi, ngati kwaya ya pamaliro a munthu wolemera.

Mfumu inakanda chisoti pamalo pamene pankayabwa mutu. "Msewu umenewu unamangidwa mu ulamuliro wanga?"

"Mu ulamuliro wanu weniweni, Mwini Dziko. Popanda ngongole yakunja."

"Unatsegulidwa?"

"Ukudikira inu."

Nkhope ija inawalanso. Mfumu Mvereni inkakonda zinthu zambiri, koma kutsegulira zinthu kunkaposa zonse. Chigamulo chinalengezedwa pomwepo: Folomina Chisambi, pamodzi ndi seva yake, kuyambira tsiku limenelo ndi msewu wa boma, dzina lake Msewu wa Mvereni Wachinayi. Msewu suimbidwa mlandu, sufunsidwa maina a oyendamo, ndiponso susamutsidwa. Kampani ya Tisungireni inalamulidwa kubwezera seva pakhoma, ndipo a Mtambalika anauza atolankhani kuti mayi Chisambi amawadziwa kuyambira kale, ndi ngati mlongo wawo. Sajeni Pondani anakwezedwa udindo chifukwa cha khama lake n'kutumizidwa kukayang'anira ofesi yatsopano ku Sakupezeka.

Mwambo wotsegulira unachitikira mumsika wa Tipirire. Anakolopa kontena, anathamangitsa ogulitsa makala kuti asadetse chitukuko, ndipo aNangozo anawaimika pakhomo atawazunguliza riboni m'chiuno. Amayi a chipani anavina, Olemekezeka Ombani analankhula mpaka mithunzi inatembenuka, kenako Mfumu inadula riboni ndi sizasi yobwereka kwa a Dizimasi, imene sinabwezedwe. M'mawa mwake agogo a ku Chigwa analembanso kuti nyamakazi yatheratu.

Magalimoto atapita, fumbi litakhazikika, a Dizimasi anakhala pa benchi ya aNachanza.

"Ndiye ine ndinakwatira msewu," anatero. "Ndikakangana nawo kunyumba, ndiye kuti ndatseka msewu wa boma?"

"Muzikangana nawo cham'mbali, alamu, kumene kumayenda njinga," anatero aNachanza.

Koma aNangozo sankaseka nawo. Anali atakhala pakhomo la kontena, chidutswa cha riboni chili m'manja.

"Mwatani asisi? Ku Sakupezeka simukupita. Mugona kwanu."

"Ndamva kuti tsopano ndili pansi pa Unduna wa Misewu," anatero aNangozo. "Nanga akamabwera kudzandiyendera? Kudzandiyeza, kudzandikumba, kudzaona zodutsa? Si ndiye mlandu womwe uja walowera khomo lina?"

ANachanza anasiya kupanga milu ya tomato. Analoza ndi chibwano msewu waukulu wodutsa kutsogolo kwa msika, pamene minibasi inali itatitimira m'dzenje mpaka m'magalasi, kondakitala ataima padenga akuitanabe okwera.

"Uwo anautsegulira ine ndili mtsikana," anatero. "Gonani tulo, asisi. A Unduna wa Misewu msewu akangoutsegulira, sapondamonso."